Kobiri lakale: mtundu wa zaka ndi mtundu wochita kupaka

ULONGWE — M'nyumba zambiri za m'boma la Angónia, kuchokera pano pa Ulongwe mpaka ku Domue ndi ku Calomue, mumapezeka kachitini kapena kansalu komanga mfundo m'mene agogo anasungamo ndalama zimene zinaleka kugula mchere kalekale. Ndalamazi zimakhala zoiwalika kufikira tsiku limene kwamveka mbiri yakuti wina akufuna kugula ndalama zakale. Tsiku limenelo ena amathamangira mandimu ndi phulusa kuti azikweche, pamene ena amatulutsa ndalama zawo kugula kobiri lakuda poganiza kuti akalipindulira kutsogolo. Onsewa amatha kuluza, ndipo chowaluzitsa ndi mtundu wa mkuwa.

Anthu a kumalire kuno anagwira ndalama za maiko awiri. Pali eskudo ya mkuwa imene inkasulidwa ku Lisboa pakati pa 1953 ndi 1974, pamodzi ndi mng'ono wake kinyenta, ndalama zimene zinkayenda m'makantina nthawi imene Ulongwe ankatchedwa Vila Coutinho. Zinatha ntchito metikali atalowa pa 16 Juni 1980. Kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kunkabwera kobiri loboola pakati la Rhodesia ndi Nyasaland, la njovu ziwiri, la zaka za 1955 mpaka 1963, ndipo mu 1971 kunadza tambala wa Malawi. Mawu akuti kobiri anachokera ku Chipwitikizi, kumene mkuwa amautcha cobre.

Mmene mkuwa umakalambira

Kobiri likamachoka kosulira limakhala lofiira ndi lowala. Mpweya umalidya pang'onopang'ono pamwamba, n'kupanga kachikopa kopyapyala kamene kamayamba kofiirira, kenaka n'kumadera mpaka kufanana ndi khofi wokazinga. Thukuta la m'manja, utsi wa m'khitchini ndi pepala lokulungira zimathandiza ntchitoyi, ndipo imatenga zaka makumi. Kachikopaka ndi mkuwa womwewo umene wasanduka, choncho kamagwirana ndi ndalamayo ndipo kamaiteteza kuti isadyeke msanga. Akatswiri osunga ndalama zakale amakalemekeza chifukwa ndi umboni wakuti palibe anaigwiragwira.

Kobiri limene linakhala pansi pa nthaka limaoneka mwina. M'zaka za nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a kuno anathawira ku Malawi, ena atakwirira katundu wawo. Mkuwa wokhala m'dothi lonyowa umagwira mtundu wobiriwira. Ngati zobiriwirazo n'zolimba ndi zosalala, sizivuta. Ngati zikunyenyeka ngati ufa, ndiye kuti mchere ukudya ndalamayo, ndipo iyenera kupatulidwa ndi kuikidwa pouma.

Mtundu wa usiku umodzi

Popeza ogula amakonda kobiri la mtundu wa khofi, akathyali anaphunzira kuupanga. Amatenga ndalama yokwechedwa, imene palibe angaifune, n'kuiwamba pamoto, kuitsekera m'botolo pamodzi ndi dzira lowiritsa limene limatulutsa sulufule, kapena kuipaka polishi wa nsapato ndi mwaye. Pakutha pa usiku umodzi ndalamayo imada ngati yakhala zaka makumi asanu m'chitini. Chinyengo chimenechi n'chodziwika kulikonse kumene ndalama zakale zimagulitsidwa, ku Lisboa, ku London ndi ku Johannesburg komwe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kusiyanitsa atulutse ndalamayo panja masana, aigwire m'mphepete ndi kumaipendeketsa pang'onopang'ono. Galasi lokuzira zilembo limathandiza ngati lilipo.

Choyamba ayang'ane pamene zala zinkakhudza. Pa kobiri loboola, misana ya njovu ndi pamwamba pa zilembo ndi pamene pankakhudzana ndi manja ndi matumba, choncho pamakhala posalala ndi poyererako, pamene m'makwawa a zilembo mumakhala modera. Pa ndalama imene sinayende kwambiri zimatembenuka: kufiira koyamba kumabisala m'mbali mwa zilembo, kumene mpweya sunafike bwino. Mtundu wopaka sudziwa zimenezi. Umagona chimodzimodzi pokwera ndi potsika, kapena umaunjikana malo ena ngati madzi amene anauma pambale.

Chachiwiri ndi mtundu weniweniwo. Wa zaka umasintha mofatsa kuchoka kufiira kupita ku khofi, popanda malire ooneka. Wa moto ndi mankhwala umabwera ndi mawanga a buluu, a pepo ndi a chikasu chowala, ngati pansi pa poto watsopano amene wapsa koyamba. Mitundu yotereyi nthawi zina imabweranso yokha pa ndalama yosungidwa m'pepala, koma imakhala yopyapyala ndipo kuwala kwa mkuwa kumaonekera pansi pake.

Chachitatu ndi zokanda. Ndalama yokwechedwa ndi mchenga imakhala ndi timizere tambiri tolowera mbali imodzi. Ngati timizereto tikuoneka pansi pa mtundu wakuda, ndiye kuti wina anayamba wakwecha, kenaka n'kudetsa kuti abise. Pomaliza, mphuno ndi kansalu koyera zimaulula zambiri: kobiri lakale lilibe fungo la dzira kapena la polishi, ndipo silisiya zakuda pansalu likakhudzidwa pang'ono.

Mandimu ndi phulusa

Chotayitsa anthu ambiri kuposa akathyali ndi manja awo omwe. M'mudzi chinthu chopita kumsika chimayamba chatsukidwa, kaya ndi mbatata kaya ndi njinga. Kobiri lakale silitero. Mandimu, viniga, phulusa ndi mankhwala opukutira zitsulo zimachotsa kachikopa kaja m'mphindi zochepa, n'kusiya mkuwa wotumbuluka wofiirira ngati nyama yosapsa. Wodziwa ndalama amauzindikira ali chapatali, ndipo mtengo umagwa. Zimene zachotsedwazo sizibwereranso.

Ku America kuli makampani oyesa ndalama zakale, PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC ya mu 1987. Iwo amagawa ndalama za mkuwa zosayenda m'magulu atatu: RD ya yofiirabe ngati yatsopano, RB ya pakatikati, ndi BN ya mtundu wa khofi. Yofiira ndiyo imadula, koma pokhapokha kufiirako kuli kobadwa nako. Ndalama yokwechedwa kapena yopakidwa saipatsa nambala ya ubwino wake. Amangoilemba kuti inaonongeka.

Mtengo wake weniweni

Mtundu wabwino susandutsa ndalama wamba kukhala yosowa. Maeskudo, makinyenta ndi makobiri oboola anasulidwa mamiliyoni, ndipo amene anayenda m'manja mpaka kuperepeseka amagulidwa motchipa ngakhale ku Ulaya. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa. Chitsanzo ndi ndalama za metica za chaka cha 1975, za nkhope ya Samora Machel, zimene zinasulidwa koma sizinatulutsidwe kuti anthu azigulira zinthu. Osunga ndalama amazifuna chifukwa n'zochepa. Munthu wouzidwa kuti agulitse mbuzi kapena thumba la fetereza kuti agule kobiri lakuda, poti kutauni kuli wogula amene akudikira, akumbukire chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wokhala ndi ndalama zakale azisunge pouma, kutali ndi utsi ndi mchere, iliyonse payokha kuti zisakandane. Asazitsuke, asazipake mafuta ophikira, ndipo asazigwire pankhope. Wogula akabwera, afunse mtengo kwa anthu awiri kapena atatu asanavomere. Ngati mtengowo ndi wochepa, kachitini kabwerere pamalo pake: adzukulu adzaonerapo ndalama zimene agogo awo ankagulira sopo ku Vila Coutinho ndi pamsika wa Lizulu.