Si mabuku amene amuzunguza mutu

M'makomboni a m'minda ya tiyi ku Honde Valley ndi ku Chipinge, kumene kudakali zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzathyola tiyi, mwana akapita kukaphunzira zamalamulo ku University of Zimbabwe, ku Midlands State ku Gweru kapena ku Herbert Chitepo Law School ku Masvingo, komboni yonse imamuyang'ana iye. Mabanja ena akhala akuvutika ndi ziphaso chichokereni lamulo la unzika la 2001, ndipo ngakhale malamulo oyendetsera dziko a 2013 anatsegula njira, alipobe amene mapepala awo sanalongosoke. Choncho mwanayo asanamalize n'komwe chaka chachiwiri, kwawo ndi "loya wathu" kale.

Akabwera ku holide ali duu, ataonda, osafuna kudya, chigamulo chimatuluka msanga. Akuti mabuku amuzunguza mutu. Ena amaloza mnansi wansanje.

Bodza limeneli liyenera kutha, chifukwa likuchedwetsa ana kupita kuchipatala. Kuwerenga sikupengetsa munthu. Chimene chimamufoola ndi nkhawa ya fizi, mantha olephera mayeso pamene anthu onse akumudalira, kusowa womuuza, ndiponso kusagona.

Za tulozi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana kanthu kotchedwa adenosine, ndipo n'kamene kamabweretsa tulo. Kafeini wa mu tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu sachotsa adenosine ayi. Amangokhala pamalo pamene iyeyo amayenera kumatirira, ubongo n'kulephera kumva kuti watopa. Zili ngati kuphimba ngongole ndi nsalu, mwini wake akubwerabe. Theka la kafeiniyo limakhala likadali m'thupi patapita maola pafupifupi 5, moti amene wamwa kapu yowawa pakati pa usiku kuti aloweze milandu yakale, amagona tulo tosafika pansi ngakhale atseke maso. Chopweteka n'chakuti ubongo umasunga zimene waphunzira nthawi imene munthu ali m'tulo. Mawa lake amapeza kuti waiwala, mantha amakula, amaonjezera kapu ina. Masabata akapita chonchi mtima umathamanga, ukali umabwera pachabe, ndipo kwa ena matenda a nkhawa ndi okhumudwa amapeza pokhazikika. Palibe mfiti apa.

Zimbabwe ili ndi yankho lobadwira konko. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu Harare: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kuchipatala, kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loyamba nalo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchiyo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi 50. Agogowo sapereka mankhwala, amamvetsera mwaluso.

Ophunzira zamalamulo amaphunzitsidwa kutsutsana ndi kusaonetsa kufooka, n'chifukwa chake benchi yotere amaifuna kuposa ambiri. Magulu awo owerengera limodzi alipo kale, chatsala n'chakuti azifunsananso ngati mnzawo wagona ndiponso wadya. Makolo ku komboni, mukamuimbira foni mwana wanu musayambe ndi nkhani ya chiphaso cha amalume. Ndipo mwana akatha masabata awiri ali wokhumudwa, kapena akatchula zodzipha ngakhale kamodzi, mutengereni kuchipatala cha Hauna kapena cha Chipinge tsiku lomwelo.