Kukonza giyabokosi ya galimoto yakale pa Mtengowanthenga

Mapikapu akale monga Toyota Hilux, amene amasenza chimanga ndi fodya kuchokera m'zitunda za Dowa ndi Ntchisi kutsikira pa Mtengowanthenga, m'mbali mwa msewu wa M1, amayamba kukukuta magiya pamene masinkiro aperepeseka. Masinkiro ndi timphete tamkuwa timene timafananitsa liwiro la magiya asanalumane, ndipo makaniko wodziwa ntchito amasintha timphete timeneti pamodzi ndi mabeyaring'i ndi masilo otseka oyilo, osati giyabokosi yonse, popeza magiya enieniwo satha msanga. Zipangizo zotsika mtengo zimachotsedwa m'magalimoto akufa ku Lilongwe. Ambiri amalakwa pothira oyilo, chifukwa mitundu ina ya oyilo wa GL-5 imadya mkuwawo pang'onopang'ono, pomwe GL-4 siuwononga.