Sitima yoyenda kunsi kwa Joni

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu, amene mabelo ake amapita ku msika wa Chinkhoma pa lole popeza njanji sinapondepo m'boma lake, angayese nthano atamva kuti kunsi kwa Johannesburg, kumene mwana wake anapita kukasaka ntchito, kumathamanga sitima yonyamula anthu m'mphanga yokumbidwa ndi anthu anzawo. Sitimayo ilipodi, dzina lake ndi Gautrain, ndipo inayamba kuyenda mu June 2010, kutatsala masiku owerengeka kuti mpira wa dziko lonse uyambe. Pa makilomita 80 a njanji yake, pafupifupi 15 ali pansi pa nthaka, kuchokera ku Park Station, kudzera ku Rosebank ndi Sandton, kufikira itatulukira ku Marlboro.

Wokwera amatsika pa masitepe oyenda okha, nagunditsa khadi lake pachipata, ndipo pansipo sapezapo kondakitala wokuwa kapena mayi wogulitsa chimanga chootcha, pakuti ngakhale kutafuna chingamu nkoletsedwa. Mphepo ndiyo imayamba kutuluka m'mphangamo, kenaka nyali, ndipo amene wakwerera ku Sandton amafika ku bwalo la ndege la O. R. Tambo m'mphindi 15 zokha, anzake a pamsewu akadali pamndandanda wa magalimoto.

Kunsi kwa dziko limenelo si kwachilendo kwa ife. Makolo athu a Wenela anakhetsa thukuta lawo m'migodi ya golide ya komweko, ena nabwerako ndi chifuwa chosapola. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, anagwirako ntchito pa mgodi wa ku Boksburg ali mnyamata, ndipo ndi yemweyo anaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70.

Chimene chimandiwawa mtima ndi ichi, kuti adzukulu a makolo aja, amene lero amathirira maluwa ndi kuchapa zovala m'nyumba za ku Sandton, ambiri sitimayo amangoimvera mbiri, chifukwa mtengo wake suyenerana ndi malipiro a wantchito amene ayeneranso kutumiza ya feteleza kumudzi. Siteshoni ya Marlboro ili m'mphepete mwenimweni mwa Alexandra, komwe osauka amagona mothithikana, koma m'bandakucha iwo amathamangira maminibasi, pakuti akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sindinyoza luso la okumba mphangayo, limene London inayamba mu 1863, Cairo nitsatira mu 1987. Koma inu akuluakulu amene mudzakonza kayendedwe ka anthu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, musanajambule njanji iliyonse, yambani mwafunsa mlonda ndi mayi wa pamsika ndalama imene angakwanitse kulipira m'mawa ndi madzulo.