Ndiwo Zopanda Nyama Zokhutitsa Banja

M'nyumba zambiri mayi amachita manyazi mlendo akafika tsiku limene mumphika muli nyemba kapena nkhwani. Amapepesa kuti, "Lero tilibe ndiwo," chonsecho mbale ili yodzaza. Ana akamva mau otere amakula akuyesa kuti ndiwo zenizeni ndi nyama yokha. Tsono popeza nyama ndi yokwera mtengo, nkofunika kuti makolo adziŵe kuti za kumunda zingathe kukhutitsa banja ndi kumanga thupi, zikaphikidwa mwanzeru.

Chinsinsi chake chagona pa kuphatikiza. Chimanga chimapatsa mphamvu, koma zomanga thupi zimene zili m'menemo nzopereŵera. Chimene chimasoŵa m'chimanga chimapezeka mu nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya. Kotero nsima ndi nyemba zikakumana m'mbale imodzi zimathandizana. Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera, chifukwa pokonola ndi kuviika mphale timataya gaga ndi mtima wa chimanga, mmene muli mafuta ndi mavitamini. Phala la Likuni, lopatsa ana m'zipatala, lili pa nzeru yomweyi: magawo 4 a chimanga ndi gawo limodzi la soya. Koma soya aziyamba wakazingidwa kapena kuŵiritsidwa bwino, pakuti wamuŵisi amavuta kugayika m'mimba.

Ndiwo zamasamba sizikhalitsa m'mimba zikakhala zopanda mafuta. Apa ndi pamene mtedza umathandiza, pakuti pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo 4 ndi zomanga thupi. Nsinjiro zodzaza dzanja zimasandutsa nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa kapena mfutso kukhala ndiwo zoti munthu nkupempha zina. Ŵiritsani madzi pang'ono ndi mchere, ikani masamba ndi matimati, ndipo akayamba kufeŵa thirani nsinjiro, muvundule, zipse pa moto wochepa. Musazoloŵere chidulo kapena soda, chifukwa zimaononga mavitamini. Chigwada chokha ndicho chifunika kusinja ndi kuphika nthaŵi yaitali kuti ululu wake uchoke.

Nyemba muziviike madzulo. M'maŵa zidzapsa msanga ndipo nkhuni sizidzatha. Tsiku lina zisendeni makoko, muziphike mpaka zitaphwanyika, muzitakase ndi mthiko pamodzi ndi anyezi ndi matimati. Chimenecho ndi chipere, ndipo mwana wamng'ono ngakhale agogo opanda mano amadya osavutika. M'maŵa ana asanapite kusukulu, futali wa mbatata yofiira mkati amawasunga kufikira masana, ndiponso mbatata yotere ili ndi vitamini A woteteza maso.

Pali zinthu ziŵiri zoti tisamale. Choyamba ndi magazi. Nyemba ndi masamba obiriŵira zili ndi ayironi, koma thupi limamulandira bwino ngati tidyera pamodzi ndi matimati, gwafa, malalanje kapena malambe. Tiyi amatsekereza ayironi, choncho asamwedwe pa nthaŵi ya nsima. Chachiŵiri ndi vitamini B12, amene sapezeka m'mbeu za kumunda. Banja losadya nyama ndi nsomba lisaleke mazira ndi mkaka, makamaka kwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono. Amene asiya zonsezi akafunse uphungu kuchipatala.

Abambo, musagulitse mtedza ndi nyemba zonse pokolola. Siyani zokwanira pakhomo kufikira mvula ina. Inu anyamata ndi atsikana, khalani pafupi ndi amayi anu pophika, muphunzire kusinja nsinjiro ndi kufutsa masamba dzuŵa lidakalipo. Ndipo inu amayi, mlendo akadzafika tsiku la nkhwani wotendera, musadzapepese. Mpatseni madzi asambe m'manja, mumuuze kuti ndiwo zapsa.