Kodi akulankhulayo ndani?

Tsiku lina la Sabata mu Malichi 2021, mapemphero atatha, mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu anandiimika pakhonde la tchalitchi. Anatulutsa foni m'chikwama, nandimvetsera mawu ojambulidwa pa WhatsApp. Mwini mawuwo anali kuchenjeza kuti katemera wa Covid-19 ndiye chizindikiro cha chilombo cha pa Chivumbulutso 13, ndi kuti wobayitsa sadzaonanso mphatso ya mwana.

"Amayi, kodi akulankhulayu ndani?" ndinafunsa.

"Ameneyo sindimudziwa, abusa. Koma anditumizira ndi alamu anga, munthu wopemphera zedi."

Okondedwa awerengi, yankho limenelo ndakhala ndikulisinkhasinkha kufikira lero. Mayiyu sanakhulupirire mlendo wa m'foniyo ayi. Anakhulupirira alamu ake. Mphekesera ya masiku ano imalowa m'nyumba itaberekedwa kumsana kwa munthu amene timamulemekeza, ndipo ndani angaseche m'bale wake pakhomo? Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma kandimverere wa lero ndi mkulu wa mpingo, mlongo wathu, kapena mwana wathu wa ku Joni.

Kumbukirani nyengo imene ija. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matendawa. Mu Malichi a Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, amenenso ndi mbusa, anabayitsa katemera ku Zomba anthu akuona. Komabe pa 19 Meyi boma linatentha katemera wokwana 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, masiku ake atatha. N'zoona kuti katemerayo anafika kutatsala masabata ochepa kuti athe mphamvu, koma nduna ya zaumoyo inadandaulanso kuti mabodza anabweza anthu ambiri.

Tisafulumire kuipachika mlandu wonse foni. Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala, WhatsApp kunalibe, koma mbiri ya anamapopa inawanda m'chigawo cha kummwera, yakuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha mabungwe akunja. Ansembe atatu a Katolika anamenyedwa ku Thyolo, ndipo mu Januwale 2003 gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, a Eric Chiwaya, anagendedwa miyala. Mu 2017 mbiri yomweyo inabweranso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, tsopano ili ndi mapiko. Anthu osachepera asanu ndi atatu anaphedwa ndi khamu, ma ambulansi anagendedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Boma linatsutsa pawailesi mobwerezabwereza. Anthu anangogwedeza mitu, nati: akanavomera bwanji?

Kusakhulupirira kumeneku kuli ndi mizu, ndipo ife a mvula zakale timaidziwa. Tinakula ndi wailesi imodzi, MBC, imene inkanena zokhazo zokomera boma la chipani chimodzi. Choonadi chinkayenda monong'ona. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula kupondereza, boma linailetsa, koma anthu anaikopera mobisa, naipatsirana m'matumba a majekete. Pa nthawi imeneyo wonong'ona ndiye ankanena zoona, wa pawailesi ndiye ankanama. Mtundu unaphunzira phunzirolo bwino lomwe, kapena mopitirira. Ndipo pa 3 Febuluwale 2020, pamene khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi Tippex, ambiri anati: mwaona? Chikhulupiriro chimene kalata ya maepiskopi inachipeza poika moyo pachiswe, lero akukolola ndi munthu wosadziwika dzina, amene sataya kanthu akanama.

Ndiponso makina a Facebook ndi anzake anapangidwa kuti azikankhira patsogolo nkhani zimene anthu akuzigwira kwambiri, pakuti eni ake amapeza ndalama pa nthawi imene maso athu ali pagalasi. Chochititsa mantha ndi chokwiyitsa n'chimene chimagwiridwa msanga. Nkhani yotsutsa bodza imafika mochedwa, itafooka, ngati wapolisi wobwera wapansi mbala itakwera njinga yamoto. Andale ena anazindikira kale zimenezi, ndiye chifukwa chake nyengo ya chisankho ikafika, zotsatira zimayamba kuuluka m'mafoni mavoti asanawerengedwe n'komwe.

Pa Numeri 13 ndi 14 pali nkhani imene ndimaiwerenga mosiyana chiyambire tsiku lija. Azondi khumi ndi awiri amene Mose anawatuma ku Kanani sanali anthu wamba. Anali akuluakulu a mafuko, odziwika ndi odalirika. Khumi mwa iwo anasakaniza zoona ndi zokokomeza: mizinda yamalinga inalikodi, koma mantha anatalikitsa msinkhu wa adani. Usiku umodzi wokha khamu linalira, nayamba kupangana zosankha mtsogoleri wina wowabwezera ku Igupto, nafuna kuponya miyala Yoswa ndi Kalebe amene anabwera ndi umboni wosiyana. Mantha, ndale, kenaka miyala: ndondomeko yomweyo ya ku Mulanje.

Mayi uja ndinawapempha kuti akafunse alamu awo kumene anautenga uthengawo. Sabata yotsatira anabwera ndi yankho: alamuwo anaupeza pa gulu losonkherana za maliro, ndipo woutumiza kumeneko anati naye anangoulandira. Tinaseka pang'ono, ngakhale sizinali zoseketsa. Nditafika kunyumba, mayi busa anandionetsa foni yawo. Uthenga womwewo unali utawafika kale masiku asanu ndi awiri apitawo, kuchokera kwa mayi yemwe uja, pansi pake atalemba kuti: "Tumizirani onse amene mumawakonda."