Mtedza wamuwenga mwana: kodi nyemba ndi soya azisiyenso?

Tayerekezani kuti mwamuphikira mwana phala lothira nsinjiro. Asanamalize mbale, milomo yatupa, khungu latuluka zidzolo zoyabwa, ndipo akulira mosatonthozeka. Kuchipatala akuuzani kuti mtedza ukumuwenga. Mukafika kunyumba mafunso ayamba. Nanga nyemba? Nanga nandolo ndi khobwe? Nanga Likuni Phala, popeza muli soya? Agogo anena kuti zonsezi n'zapachibale, azisiye. Aneba anena kuti palibe vuto, adye basi.

Yankho la funsoli lili ndi mtengo wake mbali zonse ziwiri. Mukamupatsa mwana chakudya chomwe chingamuwenge, mukhoza kuika moyo wake pachiswe. Mukamumana zakudya zambiri chifukwa cha mantha, mwamulanda zomanga thupi, m'dziko lomwe kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa ubale wa zakudya, komanso pomwe ubalewo umathera.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Chitetezo cha m'thupi chili ngati mlonda wapakhomo. Ntchito yake n'kuzindikira mdani, monga tizilombo toyambitsa matenda, n'kumuthamangitsa. Mwa anthu ena mlondayu amalakwitsa. Amaona puloteni ya mu mtedza, mu mkaka kapena mu dzira ngati mdani, ndipo amapanga asilikali otchedwa IgE oti aziidikirira. Puloteniyo ikabweranso, asilikaliwa amachititsa thupi kutulutsa histamine ndi michere ina. Izi ndi zomwe zimabweretsa kuyabwa, kutupa, kusanza ndi kubanika. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba pakangopita mphindi zochepa, ndipo sizichedwa kuposa maola awiri.

Mlondayu sadziwa dzina la chakudya. Amazindikira maonekedwe a puloteni. Zomera kapena nyama zapachibale zimakhala ndi mapuloteni ofanana, monga momwe ana a mimba imodzi amafananira nkhope. Choncho asilikali opangidwira chakudya chimodzi akhoza kugwira chinzake. Koma kufananako kumasiyana banja ndi banja. M'mabanja ena ndi kwakukulu moti muyenera kusamala ndi onse. M'mabanja ena ndi kwapatali moti thupi silisokonezeka.

Mtedza ndi abale ake

Ngakhale umabereka pansi pa nthaka, mtedza ndi wa m'banja la nyemba. Abale ake ndi nyemba, soya, nandolo, khobwe, nzama, nsawawa ndi mphodza. Ngakhale bwemba ndi wa m'banja lomweli.

Nkhani yabwino ndi yakuti banja ili si loopsa monga ambiri amaganizira. Mwa ana omwe mtedza umawawenga, ochuluka kwambiri amadya nyemba, nandolo ndi soya popanda vuto. Omwe amawengedwanso ndi m'bale wina wa mtedza ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa 20. Choncho ngati mwana wanu wakhala akudya nyemba kapena Likuni Phala bwinobwino, musamusiyitse chifukwa choti mtedza wamuwenga. Apitirize kudya. Ngati pali mtundu wina womwe sadaulawepo, funsani kaye kuchipatala momwe mungauyambire.

Chodabwitsa n'chakuti mtedza wa m'mitengo, monga cashew ndi macadamia, suli pachibale ndi mtedza wathu wakumunda, koma ndi womwe umafuna kusamala kwambiri. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu omwe mtedza wakumunda umawawenga amawengedwanso ndi mtundu wina wa mtedza wa m'mitengo. Chitowe nachonso chimawenga ena mwa anawa. Apa mukuona kuti ubale wa zomera ndi chitsogozo chabe, si lamulo.

Kumbukiraninso kuti kukazinga, kuphika kapena kusinja sikuchotsa mphamvu ya mtedza yowenga. Ndiwo zotendera, futali, chiponde ndi phala la nsinjiro zonse ndi mtedza. Chiponde chakuchipatala chomwe amapatsa ana onyentchera chili ndi mtedza komanso mkaka waufa. Ngati mwana amawengedwa ndi chimodzi mwa ziwirizi, auzeni azaumoyo asanamulawitse.

Mkaka ndi mazira: apa ubale ndi weniweni

Makolo ambiri akamva kuti mkaka wa ng'ombe ukumuwenga mwana amathamangira mkaka wa mbuzi. Uku n'kulakwitsa koopsa. Mapuloteni a mkaka wa ng'ombe, wa mbuzi ndi wa nkhosa ndi ofanana kwambiri, moti ana oposa 9 mwa 10 omwe wa ng'ombe umawawenga amawengedwanso ndi wa mbuzi. Chambiko, yogati, mkaka waufa ndi batala nazonso zili ndi mapuloteni omwewo. Koma nyama ya ng'ombe ana ambiri otere amadya popanda vuto. Ndipo mkaka wa m'mawere ndi wina: mayi apitirize kuyamwitsa.

Mazira nawonso ali chimodzimodzi. Ngati dzira la nkhuku limamuwenga mwana, musayesere la bakha kapena la nkhanga kunyumba, chifukwa mapuloteni ake ndi ofanana. Komabe nyama ya nkhuku ambiri mwa anawa amadya bwinobwino.

Chotonthoza n'chakuti ana ambiri amasiya kuwengedwa ndi mkaka ndi mazira akamakula. Mtedza ndi wosiyana: ndi mwana mmodzi yekha mwa asanu amene vutoli limamuthera. Ndiye musaganize nokha kuti zatha. Dokotala ndiye anene nthawi yoyesanso, ndipo kuyesako kuchitikire kuchipatala.

Nsomba, nkhanu ndi ngumbi

Nsomba zambiri, za m'nyanja zathu ndi za m'nyanja zamchere zomwe, zili ndi puloteni yotchedwa parvalbumin. Puloteniyi siitha ndi moto kapena dzuwa. Pafupifupi theka la anthu omwe mtundu umodzi wa nsomba umawawenga amawengedwanso ndi mtundu wina. Choncho ngati chambo chamutupitsa mwana, musaganize kuti usipa, utaka kapena matemba ndi zotetezeka chifukwa ndi zing'onozing'ono kapena zouma. Samalaninso ndi ufa wa nsomba womwe ena amathira m'phala.

Nkhanu zimakhala m'madzi, koma si nsomba. Abale ake ndi prawns, ndipo chapatali pang'ono ndi tizilombo touluka ndi tokwawa. Zonsezi zili ndi puloteni yotchedwa tropomyosin. Apa nkhaniyi ikutikhudza mwapadera, chifukwa ife timadya ngumbi, ziwala, dzombe, nkhululu ndi mphalabungu. Munthu yemwe nkhanu zimamuwenga akhoza kuwengedwanso ndi ngumbi. Puloteni yomweyi imapezekanso mu mphemvu ndi m'tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'fumbi la m'nyumba, tomwe timadzutsa mphumu mwa ana ena. Ngumbi ndi mphalabungu ndi chakudya chabwino chomanga thupi, ndipo ana ambiri amadya popanda vuto. Koma mwana wamphumu akayamba kuyabwa kapena kutsokomola atadya ngumbi, musazitenge mwachibwana.

Mango, nthochi ndi magolovesi

Nyengo ya mango ana ena amatuluka zilonda zoyabwa kuzungulira milomo. Kawirikawiri vuto silikhala m'kati mwa bango, limakhala mu utomoni ndi m'khungu lake. Zilondazi zimatuluka mochedwa, patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimangokhala pomwe utomoni udakhudza. Ana ambiri otere amadya mango bwinobwino ngati munthu wina wawatsuka, kuwasenda ndi kuwadula. Mango ndi a m'banja limodzi ndi cashew ndi mfula, koma anthu ambiri omwe cashew imawawenga amadya mango popanda vuto.

Inu mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo, pali ubale wina wokukhudzani. Magolovesi ambiri, zibaluni ndi makondomu amapangidwa ndi labala wochokera ku utomoni wa mtengo. Mapuloteni ake amafanana ndi a mu nthochi, mapeyala ndi mapapaya, ngakhale zomerazi sizili pachibale. Ngati manja anu amayabwa ndi kutupa mukangovala magolovesi, ndipo pakamwa pamayabwa mukadya peyala kapena nthochi, kafotokozeni kuchipatala. Alipo magolovesi opangidwa ndi zipangizo zina.

Mayina nawonso amanyenga. Mbatata ya kachewere ndi m'bale wa matimati, mabiringanya ndi tsabola, koma siili pachibale ndi mbatata ya kholowa ngakhale dzina ndi limodzi.

Si vuto lililonse lomwe lili kuwenga

Akuluakulu ambiri muno mu Africa akamwa mkaka wosawawasa mimba imatupa, imalira, mwina n'kutsegula. Uku si kuwenga. Thupi lawo limapanga mchere wochepa wogaya shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose. Chitetezo cha m'thupi sichikhudzidwa, ndipo moyo sukhala pachiswe. Anthu otere nthawi zambiri amatha kumwa mkaka pang'ono mu tiyi, kapena chambiko ndi yogati, chifukwa pouwawasitsa shuga wina amakhala atagayika kale. Mwana wowengedwa ndi mkaka ndi wosiyana: ngakhale kadontho kakhoza kumudwalitsa.

Mpweya wa m'mimba mukadya nyemba si kuwenga. Chuku cha mu mtedza wosungidwa ponyowa ndi poizoni yemwe amaononga chiwindi cha wina aliyense, osati wowengedwa yekha. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira nachonso ndi poizoni kwa aliyense. Kusiyanitsa zinthu izi kumathandiza kuti mwana asamanidwe chakudya popanda chifukwa.

Zizindikiro zoti muthamangire kuchipatala

Zidzolo zochepa, kuyabwa kapena kutupa pang'ono milomo ndi zizindikiro zoti musiye kumudyetsa chakudyacho, mumuyang'anitsitse, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Koma izi ndi zoopsa, ndipo sizidikira:

Lilime kapena kukhosi kwatupa. Mawu asasa, kapena akulephera kumeza. Akupuma movutikira, akulira m'chifuwa kapena akutsokomola mosalekeza. Akusanza mobwerezabwereza. Wafooka, watuwa, akuchita chizungulire kapena wakomoka.

Madokotala amatcha vutoli anaphylaxis, ndipo likhoza kupha m'mphindi zochepa. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu. Mapiritsi monga Piriton amachepetsa kuyabwa basi, satsegula kukhosi. Mugonekeni mwanayo chagada miyendo itakwezedwa. Ngati akubanika, akhale tsonga. Musamuimiritse kapena kumuyendetsa: munyamuleni. Musamusanzitse, ndipo musamumwetse mkaka, mafuta kapena mankhwala azitsamba. Mukafika kuchipatala nenani msanga chomwe wadya ndi nthawi yomwe wadyera. Ngakhale aoneke kuti wachira, dikirani mpaka azaumoyo akuloleni kupita, chifukwa zizindikiro zikhoza kubwereranso patapita maola angapo. Mwana wamphumu ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzake.

Kuchedwetsa chakudya sikuteteza mwana

Kale madokotala m'mayiko ena ankalangiza makolo kuti achedwe kupatsa ana mtedza. Kafukufuku wotchedwa LEAP, yemwe adachitikira ku London pa makanda 640 omwe adali pachiopsezo, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2015, adasintha maganizo amenewa. Ana omwe adayamba kudya mtedza asanakwanitse chaka, n'kumaudya kawirikawiri, chiopsezo chawo chowengedwa nawo chidatsika ndi pafupifupi 80 peresenti poyerekeza ndi omwe adaupewa.

Ndiye mwambo wathu wothira nsinjiro m'phala la mwana ndi wabwino. Yamwitsani mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako yambani zakudya zina uku mukuyamwitsabe. Chakudya chatsopano monga nsinjiro, dzira lophika bwino kapena nsomba yambani pang'ono, chimodzi pa nthawi, masana, mwana ali bwino, kuti mukaona vuto mudziwe chomwe chayambitsa. Mtedza wathunthu musamupatse mwana wosakwana zaka zisanu, ungamutsamwe. Ngati khanda lili ndi khungu louma, lofiira ndi loyabwa kwambiri, lomwe madokotala amati eczema, kapena dzira lidamuwengapo kale, funsani kuchipatala musanayambe mtedza.

Zochita kunyumba ndi m'mudzi

Lembani chomwe mwana adadya, nthawi yomwe zizindikiro zidayamba ndi momwe zidaonekera. Mbiri imeneyi ndi yomwe imamuthandiza kwambiri dokotala, ngakhale komwe kuli zipangizo zoyezera. Pemphani kuti zilembedwe m'buku la mwana la kuchipatala.

Uzani onse omwe amamudyetsa: agogo, aneba, aphunzitsi ndi ophika phala kusukulu ya mkombaphala. Tsukani ndi sopo mtondo, mthiko, chipande ndi mbale zomwe zakhudza chakudyacho. Mafuta omwe mwakazingira nsomba musakazingire chakudya chake. Pogula mabisiketi kapena phala la m'paketi, werengani zomwe zalembedwa papaketipo.

Inu mavolontiya, mukamaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, thandizani banja kupeza cholowa m'malo kuchokera m'gulu lomwelo. Mwana wosadya mtedza akhoza kupeza zomanga thupi mu nyemba, nandolo ndi soya zomwe adazolowera kale. Wosadya nsomba apeze mu mazira, nkhuku kapena nyama. Muyezeni kusikelo mwezi ndi mwezi, ndipo sikelo ikaima kapena kutsika, mutumizeni kuchipatala.

Lamulo losavuta kulikumbukira ndi ili: chomwe chamuwenga mwana asiye kotheratu, chomwe wakhala akudya bwino apitirize, ndipo m'bale wa chakudyacho yemwe sadamulawepo adikire kaye mawu a kuchipatala.