Anamuika m'manda atavala malaya otsatsira malonda

Lamulungu m'mawa pa 28 June 2009, mkazi wa Billy Mays anapeza mwamuna wake sakupuma kunyumba kwawo ku Tampa, m'chigawo cha Florida ku America. Anali ndi zaka 50. Mays sanali woimba kapena wandale. Ntchito yake inali kuima patsogolo pa kamera, ndevu zili bii, atavala malaya abuluu ndi buluku la khaki, n'kumakuwa kuti anthu agule ufa wochotsera zothimbirira pa zovala.

Sabata imeneyo anthu a ku America anali atatopa kale ndi maliro. Ed McMahon, mkhalakale wa pa TV, anamwalira pa 23 June. Pa 25 June kunamveka za imfa ya katswiri wa zisudzo Farrah Fawcett, ndipo dzuwa lisanalowe kunamvekanso za Michael Jackson, yemwenso anali ndi zaka 50. Mawayilesi onse anali pa Jackson usana ndi usiku, moti munthu akanaganiza kuti imfa ya wotsatsa malonda ingodutsa mwakachetechete. Koma mwana wamwamuna wa Mays atalemba pa Twitter kuti bambo ake sanadzuke m'mawa umenewo, nkhani inawanda dziko lonse tsiku lomwelo, ndipo dzina la Mays linayamba kutchulidwa pamodzi ndi la mfumu ya nyimbo ija.

Chinayamba kuthamanga ndi mphekesera. Dzulo lake, Loweruka, Mays anali m'ndege ya US Airways yochokera ku Philadelphia, yomwe matayala ake akutsogolo anaphulika potera ku Tampa. Katundu anagwa kuchokera m'mwamba, china chinamugunda m'mutu, ndipo atatsika anauza mtolankhani wa TV mwanthabwala kuti mutu wake ndi wolimba. Anthu anali asanaiwale za Natasha Richardson, katswiri wa mafilimu yemwe anamwalira mu March chaka chomwecho atagwa posewera pa chipale chofewa. Nayenso poyamba ankaoneka bwinobwino, magazi akukha mkati mwa mutu. Basi ambiri anagamula okha kuti yapha Mays ndi ndege. Lolemba, dokotala wa boma woyeza mitembo m'dera la Hillsborough, Vernard Adams, ananena kuti m'mutu munalibe bala lililonse. Mays anali ndi matenda a mtima obwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Lolemba lomwelo n'lomwe anayenera kukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno.

Kukuwa kwake sanakuphunzire ku TV. Anabadwira ku McKees Rocks, tauni ya anthu ogwira ntchito m'mafakitale pafupi ndi Pittsburgh, mu 1958. Analowa West Virginia University koma sanamalize, ndipo mu 1983 anapezeka ku Atlantic City, pa msewu wa matabwa wa m'mbali mwa nyanja, akugulitsa chipangizo chotsukira chotchedwa Washmatik kwa anthu ongodutsa. Aliyense amene anaonapo wogulitsa mankhwala a makoswe pa depoti ya basi akudziwa ntchitoyi: munthu ali pa ulendo wake, alibe nawe ntchito, ndipo ukachedwa kumuimitsa wapita. Mays anatha zaka 12 akuzungulira zionetsero za malonda m'madera osiyanasiyana. Mu 1993 anakumana ndi Max Appel, mwini kampani ya Orange Glo International ya ku Denver, ndipo kudzera mwa iyeyo anafika pa wayilesi ya kanema ya Home Shopping Network. Mu 2000 anajambula malonda a OxiClean, ufa wochotsera zothimbirira uja, mothandizana ndi Anthony Sullivan, mnzake wochokera ku England.

Malonda akewo anali amodzimodzi nthawi zonse. Ankayamba ndi kudzitchula dzina, ngati pali amene sakumudziwa. Kenako ankathira zinthu zodetsa m'chibeseni chachikulu chagalasi mpaka madzi kuda, n'kutapa ufa uja, kuwaza, kuvundula kamodzi, madzi mbee. Mtengo unkakhala wochepera pang'ono madola 20, ndipo asanamalize ankalonjeza kuti woimba foni pompano alandira ziwiri pa mtengo wa chimodzi. Anagulitsa motero Kaboom, Mighty Putty, Zorbeez ndi zina zambirimbiri. Mu 2006 kampani ya Church & Dwight inagula bizinesi ya Orange Glo pa madola 325 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la mtengo umenewo linachokera pakhosi pa Mays.

Ali moyo anthu ankamuseka. Ankatsitsa mawu a TV akangotulukira, achinyamata ankadula mavidiyo ake n'kuikamo mawu achipongwe pa YouTube. Iye sankakwiya, mpaka anajambulitsa malonda a wayilesi ya kanema ya ESPN odziseka yekha. Mu April 2009 Discovery Channel inayamba kuonetsa pulogalamu ya PitchMen, momwe iye ndi Sullivan ankayesa zinthu zopangidwa ndi anthu wamba ofuna msika. Apa m'pamene ambiri anamuona koyamba akulankhula motsitsa, akukana chinthu chifukwa sichikugwira ntchito, akulimbitsa mtima munthu amene wathera ndalama zake zonse pa kachipangizo kamodzi. Imfa inamupeza patangopita miyezi iwiri anthu atayamba kumuona chonchi, ndipo ine ndikuona kuti n'chifukwa chake inawawa kuposa mmene ikanawawira chaka chapitacho.

Chochititsa chidwi n'chakuti anthu anamulira ndi zinthu zomwezo zimene ankamusekera. Pa intaneti mauthenga achipepeso ankalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, zomwe kumeneko zimatanthauza kukuwa, ndipo mpaka pano ena amasunga 28 June ngati tsiku lolemba motero. Ena ankauzana kuti avale malaya abuluu. Pa 3 July, ku McKees Rocks, onyamula bokosi anavala malaya abuluu ndi mabuluku a khaki, ndipo malemuyo anagonekedwa atavala malaya okhala ndi chizindikiro cha OxiClean. Wina akhoza kunyansidwa nazo, kuti munthu mpaka m'manda akutsatsabe katundu wa kampani. Koma Mays sanadzibisepo. Katswiri wa mpira akamagwira botolo la chakumwa amachita ngati amalikonda mwangozi. Mays ankanena poyera kuti ndi wamalonda ndipo wabwera kudzagulitsa, ndipo pa ukwati wake weniweni alendo anapatsidwa OxiClean.

Makampani anayamba achotsa malonda ake pa TV. Sipanathe mwezi, banja litavomereza, anawabwezeretsa, n'kutulutsanso ena amene anajambula asanamwalire koma anali asanaonetsedwe. Oonera ena zinawadetsa kukhosi kuona munthu amene anaikidwa kale akuwauza kuti aimbe foni pompano. Ena anaimbadi.

Pa 7 August ofesi ya dokotala uja inatulutsa zotsatira zina zonena kuti m'thupi mwake munali zizindikiro za cocaine, ndi kuti mankhwalawo anathandizira kuwononga mtima. Omwe ankamuseka kale anapeza poyambira: kukuwa konse kuja eti kunali kwa mankhwala. Banja linakwiya kuti ofesiyo yalengeza zongoganizira, ndipo linalemba dokotala wina. Mu October dokotalayo anati cocaine sanali chifukwa chachikulu cha imfayo ndipo panalibe umboni woti Mays anali chidakwa cha mankhwalawo, ngakhale sanatsutse kuti anapezeka m'thupi. Mwezi womwewo makatuni a South Park anaonetsa mzukwa wa Mays ukuvutitsa kamwana usiku, ukugulitsabe mankhwala ochapira pakati pa mizukwa ya anthu otchuka amene anamwalira chaka chimenecho. Mwana wa malemuyo ananena poyera kuti anaikonda.